KUTUPA KWA UBONGO MUNTHU AKAVULALA M'MUTU: MANKHWALA AMENE ATHANDIZA NDI AMENE AONONGA

Munthu aliyense amene anayendapo pa msewu wochokera ku Limbe, kudzera pa Bvumbwe, kufika pa boma la Thyolo ndi kupitirira kunka ku Makwasa, adziwa kuti dziko limenelo ndi lokongola ndithu, komanso kuti misewu yake ndi yokhotakhota, yazitunda ndi yodzaza ndi anthu. Kalembera wa chaka cha 2018 anapeza anthu oposa 700,000 m'boma limeneli, ndipo ambiri mwa iwo moyo wao watsamira pa tiyi, kaya wa m'maesiteti monga Satemwa, Conforzi, Makwasa, Naming'omba, Makandi ndi Nchima, kaya wa m'minda yao ing'onoing'ono. M'miyezi ya dzinja, pamene tiyi aphukira kwambiri, mathirakitala okoka ngolo za masamba, malole onyamula antchito, njinga zakapalasa ndi njinga zamoto za kabaza, zonsezi zimalimbirana msewu umodzi woterera. M'miyezi yachisanu chiperoni chimatseka maso a oyendetsa. Ndipo chaka chonse, m'nkhalango za bulugamu, amuna ali kugwetsa mitengo ya nkhuni zoumitsira tiyi ku fakitale.

Pa ngozi zonse zimene zingagwere munthu m'malo otere, palibe yoopsa koposa kuvulala m'mutu. Bungwe la WHO, loyang'anira za umoyo pa dziko lonse, m'lipoti lake la chaka cha 2018 linawerengera kuti pa anthu 100,000 alionse a m'Malawi, anthu 31 amafa pa ngozi za pa msewu chaka ndi chaka, ndicho chiwerengero china chachikulu pakati pa maiko onse; ndipo chimene chimapha ambiri mwa okwera njinga ndicho chilonda cha m'mutu.

Madotolo amati ubongo umavulala kawiri. Kuvulala koyamba kumachitika pa kamphindi kamene mutu wamenyetseka pa phula kapena nthambi yaugwera, ndipo palibe mankhwala amene angabweze zimene zaonongeka pamenepo. Kuvulala kwachiwiri kumadza pambuyo, m'maola ndi m'masiku otsatira, pamene ubongo uyamba kutupa, magazi apitirira kudontha m'kati mwa chigaza, ndipo mpweya uchepa. Kuvulala kwachiwiriku ndiko kumene anthu angathe kuletsa kapena kuchepetsa, ndipo pamenepa ndi pamene pali nkhani ya mankhwala. Nkhaniyi iyenera kudziwika kwa aphunzitsi ndi antchito a Boma, pakuti kumudzi iwo ndiwo amene anthu amathamangira kukafunsa nzeru ngozi ikagwa.

CHIGAZA SICHIFUTUKUKA

Munthu akabinya phazi, phazilo limatupa, mwini wake navula nsapato, ndipo patapita masiku ochepa kutupako kumaphwa kokha. Koma ubongo uli m'nsapato imene siivulika. Madotolo awiri a ku Scotland, Alexander Monro m'chaka cha 1783 ndi George Kellie m'chaka cha 1824, ndiwo anayamba kulongosola kuti chigaza cha munthu wamkulu chili ngati bokosi lafupa losafutukuka. Lero madotolo adziwa kuti m'kati mwake muli zinthu zitatu zokha: ubongo weniweni, umene utenga magawo ngati asanu ndi atatu pa magawo khumi, magazi, amene atenga gawo limodzi, ndi madzi oyera amene ubongo umayandamamo, amene atenga gawo lotsalalo. Chimodzi chikachuluka, china chiyenera kutuluka.

Poyamba thupi limadzithandiza lokha mwa kukankhira madzi oyera aja ndi magazi ena kunsi, kotero kuti wovulala angathe kuyenda ndi kulankhula ngati palibe kanthu. Koma malo akatha, kupanikizika kwa m'chigaza kumakwera msanga msanga, ndipo pamabuka zoipa ziwiri. Choyamba, mtima umalephera kukankhira magazi m'malo opanikizika chotere, motero ubongo umasowa mpweya. Ndipo ubongo, ngakhale uli gawo laling'ono la kulemera kwa munthu, umagwiritsa ntchito gawo limodzi pa magawo asanu a okosijeni wa thupi lonse. Chachiwiri, ubongo wotupawo umakankhidwira ku chibowo cha pansi pa chigaza, nufinya tsinde lake limene lilamulira kupuma. Pamenepo munthu amaleka kupuma ndi kumwalira.

Kupanikizika kwa m'chigaza cha munthu wabwinobwino sikupitirira 15 pa muyeso wa madotolo, ndipo malangizo a bungwe la Brain Trauma Foundation la ku America a chaka cha 2016 ati kukapitirira 22 chithandizo chiyambe. Kawirikawiri kutupa kumakula m'masiku awiri kapena atatu oyamba. Nchifukwa chake munthu amene anagwa pa njinga Lolemba, nalankhula bwino tsikulo, angathe kukhala pakati pa moyo ndi imfa Lachitatu.

MUYESO WA CHIKOMOKERE

Pofuna kudziwa ngati wodwala ali kuchira kapena ali kuipiraipira, madotolo amagwiritsa ntchito muyeso umene Graham Teasdale ndi Bryan Jennett a ku Glasgow anafalitsa m'chaka cha 1974. Amaona zinthu zitatu: ngati wodwala atsegula maso, ngati alankhula zomveka, ndi ngati agwedeza manja ndi miyendo pouzidwa kapena potsinidwa. Munthu wamoyo bwino amapata 15, ndipo wachikomokere chenicheni amapata 3. Wopata 13 kufikira 15 wavulala pang'ono. Wopata 9 kufikira 12 wavulala pakatikati. Wopata 8 kapena kucheperapo wavulala koopsa. M'chaka cha 1989 Malcolm Molyneux, Terrie Taylor ndi anzao, pogwira ntchito pa ana odwala malungo ku Blantyre, anakonza muyeso wina woyambira 0 kufikira 5, woyenera ana amene sanayambe kulankhula, ndipo maiko onse amautchula ndi dzina la mzinda wa Blantyre.

Ubwino wa miyeso imeneyi ndi wakuti siifuna makina. Namwino wa pa kiliniki ya pa esiteti, ali ndi tochi, wotchi ndi pepala, angathe kulemba nambala ya wodwala ola ndi ola, ndi kuona ngati kamwana ka diso limodzi kakula koposa ka diso linalo, ndicho chizindikiro chakuti ubongo wayamba kufinyika. Nambala ikatsika, mankhwala ndi galimoto zifunika nthawi yomweyo.

MANKHWALA OKOKA MADZI

Mayi aliyense adziwa kuti akathira mchere pa nsomba yaiwisi kapena pa tomato wodula, madzi amatuluka. Mchere ndi shuga zimakoka madzi kunka kumene izo zachuluka. Nzeru yomweyi ndiyo tsinde la mankhwala aakulu a kutupa kwa ubongo. M'chaka cha 1919 Lewis Weed ndi Paul McKibben, pogwira ntchito ku Johns Hopkins ku America, anathira madzi amchere wambiri m'mitsempha ya amphaka, naona ndi maso ao ubongo ukufwapa. Atathira madzi opanda mchere, ubongo unatupa. M'chaka cha 1956 Manucher Javid ndi Paul Settlage a ku Wisconsin anayamba kupatsa odwala mankhwala a urea pa cholinga chomwecho, koma urea anali ndi zovuta zambiri, ndipo kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960 Burton Wise ndi Norman Chater a ku San Francisco anaonetsa kuti mannitol agwira ntchitoyo bwino koposa. Kuyambira pamenepo mannitol wakhala m'zipatala za dziko lonse.

Mannitol ndi mtundu wa shuga umene thupi siliudya. Amabwera m'botolo la diripi, kawirikawiri magalamu 20 m'mamililita 100 alionse a madzi, ndipo dotolo amayeza mlingo wake molingana ndi kulemera kwa wodwala, kuyambira kota ya galamu kufikira galamu imodzi pa kilogalamu iliyonse. Pasanathe theka la ola kupanikizika kumatsika, ndipo mphamvu yake imakhala maola ochepa. Koma mankhwalawa ali ndi ngozi zao. Madzi amene akoka amatuluka ndi mkodzo wambiri, motero kuthamanga kwa magazi kungathe kutsika. Ndipo kwa munthu amene wataya kale magazi chifukwa cha kuthyoka ntchafu kapena kuvulala m'mimba, kutsika kumeneku kungamuphe. Akaperekedwa kambirimbiri amaononga impso. Palinso kanthu kena kamene osunga mankhwala m'maboma ozizira monga Thyolo ndi Mulanje ayenera kukumbukira: mannitol akazizidwa amaundana timiyala tonga shuga pansi pa botolo, ndipo botolo lotere liyenera kufunditsidwa kufikira timiyalato tisungunuke lisanapachikidwe.

Mnzake wa mannitol ndiye madzi amchere wambiri, amene Weed ndi McKibben anayamba nawo. Diripi wamba ali ndi mchere wosakwana galamu imodzi m'mamililita 100, koma madzi awa ali ndi magalamu 3 kapena kuposa. Ubwino wao ndi wakuti sakodzetsa monga mannitol, ndipo amathandiza kuti kuthamanga kwa magazi kusagwe. Vuto lao ndi lakuti mchere wa m'magazi uyenera kuyezedwa pafupipafupi ku labotale. Madotolo akhala akutsutsana zaka zambiri kuti oposa anzao ndi ati, ndipo kufufuza sikunapeze umboni wokwanira wakuti odwala opatsidwa awa amachira bwino koposa opatsidwa enawo. Chimene onse avomerezana ndi ichi: mankhwala okoka madzi amagula nthawi. Amatsitsa kupanikizika kwa maola ochepa, kuti wodwala afike kumene kuli makina ojambula ndi dotolo wa opaleshoni. Sapatsidwa kwa aliyense wovulala m'mutu ngati katemera, koma kwa iye amene aonetsa zizindikiro zakuti ubongo uli kufinyika.

CHIKOMEKOME CHA MKUYU

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Palibe mankhwala amene mwambiwu uwayenera koposa gulu la dexamethasone ndi methylprednisolone. M'chaka cha 1961 Joseph Galicich ndi Lyle French a ku Minnesota anaonetsa kuti dexamethasone amaphwetsa modabwitsa kutupa kumene kumazungulira chotupa cha mu ubongo. Madotolo anaganiza kuti chimene chithandiza pa chotupa chidzathandizanso pa chilonda, ndipo kwa zaka zoposa 30 ovulala m'mutu ambirimbiri analandira mankhwalawa. Ganizolo linali looneka lanzeru, ndipo amene anachira anatamanda jakisoniyo.

Tsono sukulu ya London School of Hygiene and Tropical Medicine inatsogolera kufufuza kwakukulu kotchedwa CRASH, m'zipatala 239 za m'maiko 49. Odwala anagawidwa pawiri mwa maere: ena analandira methylprednisolone kwa maola 48, ena analandira madzi ooneka chimodzimodzi koma opanda mankhwala, ndipo dotolo kapena wodwala sanadziwe kuti walandira chiti. Anafuna kufika pa odwala 20,000, koma m'chaka cha 2004, atafika pa 10,008, oyang'anira analamula kuti ntchitoyo iimitsidwe. Pa odwala 1,000 alionse amene analandira mankhwala, 211 anamwalira pasanathe milungu iwiri. Pa 1,000 amene sanalandire, anamwalira 179. Itatha miyezi isanu ndi umodzi kusiyanako kunalipobe: 257 ndi 223. Kunena kwina, mankhwala amene madotolo anawakhulupirira kwa mbadwo wathunthu anali kupha anthu ngati 32 oonjezera pa 1,000 alionse.

Kuyambira pamenepo malangizo a madotolo aletsa kupereka mankhwala a gulu limeneli pa kutupa kwa ubongo kodza ndi ngozi. Dexamethasone akadali mankhwala abwino pa matenda ena, monga chotupa cha mu ubongo ndi chifuwa chachikulu cholowa m'mutu, ndipo apezeka m'zipatala zambiri pa mtengo wochepa. Pachifukwa chimenechi, achibale a wovulala asakakamize namwino kuti abaye jakisoni "wophwetsa kutupa", ndipo asaganize kuti wodwala wao wanyozedwa ngati sanabayidwe. Pa nkhani iyi, kusapereka ndiko chithandizo.

MAOLA ATATU

Sukulu yomweyo ya ku London inafufuzanso mankhwala ena otchedwa tranexamic acid, amene Utako Okamoto ndi mwamuna wake Shosuke Okamoto a ku Japan anawatulukira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960. Mankhwalawa saphwetsa kutupa. Ntchito yao ndiyo kuletsa kuti magazi amene aundana pa mtsempha wodukawo asasungunuke, kotero kuti kudontha kwa m'chigaza kuleke msanga ndipo malo asathe. Anamwino a m'zipinda zoberekera awadziwa kale, pakuti m'chaka cha 2017 bungwe la WHO linalangiza kuti aziperekedwa kwa amayi otaya magazi atabereka.

Kufufuza kwa CRASH-3, kumene zotsatira zake zinafalitsidwa m'chaka cha 2019, kunakhudza ovulala m'mutu 12,737 m'zipatala 175 za m'maiko 29. Odwalawo anali amene anapata 12 kapena kucheperapo pa muyeso wa Glasgow, kapena amene makina anaonetsa magazi m'chigaza mwao. Mlingo unali galamu imodzi m'mphindi khumi, ndi galamu inanso m'maola asanu ndi atatu. Pakati pa ovulala pang'ono ndi pakatikati amene analandira mankhwala pasanathe maola atatu, anamwalira ndi chilonda cha m'mutu anali 58 pa 1,000, pamene mwa osalandira anali 75. Kwa ovulala koopsa phindu silinaoneke, pakuti mwa ambiri a iwo kuonongeka kunali kutachitika kale. Ndipo mwa ovulala pang'ono ndi pakatikati aja, amene analandira msanga ndiwo anapindula koposa.

M'mera mpoyamba. Maola atatu ndi ambiri kwa munthu wa mu mzinda, koma ndi ochepa kwa munthu wovulala m'munda wa tiyi kuseri kwa Makwasa kapena ku Thekerani. Pafunika nthawi kuti kapitawo amve, kuti galimoto ipezeke, kuti wovulala afike pa chipatala cha Malamulo kapena pa chipatala cha boma cha Thyolo. Ndipo kuchokera pa boma kufika ku chipatala cha Gulupu, ndicho Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, pali makilomita oposa 40. Mvula ikaononga milatho, monga inachita namondwe wa Freddy m'mwezi wa Malichi 2023, ulendowo umatalika koposa. Chifukwa chake mankhwala ameneŵa phindu lao lili pa chipatala choyamba chimene wovulala afikapo. Ndi otsika mtengo, safuna firiji, ndipo clinical officer wophunzitsidwa bwino angathe kuwapereka atangoyeza wodwala ndi muyeso wa Glasgow. Koma iye sangadziwe ngati maola atatu atha kapena ayi pokhapokha wina atamuuza nthawi imene ngoziyo inachitika.

MANKHWALA ENA

Wovulala m'mutu angathe kugwidwa ndi kuphupha konga kwa khunyu, ndipo kuphupha kulikonse kumakweza kupanikizika. M'chaka cha 1990 Nancy Temkin ndi anzake a ku Seattle, atafufuza odwala 404, anapeza kuti phenytoin amachepetsa kuphupha kwa m'masiku asanu ndi awiri oyamba, koma saletsa khunyu lodza pambuyo pake. Motero madotolo amawapereka kwa mlungu umodzi ndi kuleka ngati wodwala sanaphuphe. Mankhwala ogonetsa kwambiri, monga thiopentone, amapumitsa ubongo ndi kutsitsa kupanikizika kumene kwakana mankhwala ena onse, koma amagwetsa kuthamanga kwa magazi ndi kuletsa kupuma, kotero kuti malo ao ndi m'chipinda cha odwala mwakayakaya mokha, mmene muli makina opumira. Progesterone anathandiza makoswe a m'nyumba zofufuzira, anthu nayembekeza zazikulu, koma kufufuza kuwiri kwakukulu kwa chaka cha 2014 kunapeza kuti kwa anthu alibe phindu.

Ngakhale diripi imene ili nayo nkhani. Madzi a shuga opanda mchere amalowa mu ubongo ndi kuonjezera kutupa, monga momwe amphaka a Weed anaonetsera. Chifukwa chake wovulala m'mutu amapatsidwa madzi amchere wamba. Ndipo kunyumba, mapiritsi a aspirin ndi ena onga iwo, amene anthu amagula pa okala pomva mutu, amachedwetsa kuundana kwa magazi, ndipo sayenera kupatsidwa kwa munthu amene wamenyetsa mutu.

PHUNZIRO LA KU GULUPU

Dziko lino lathandizapo maiko onse kumvetsa za kutupa kwa ubongo. M'chaka cha 2008 makina a MRI anaikidwa pa chipatala cha Gulupu, ndipo m'chaka cha 2015 Karl Seydel, Terrie Taylor ndi anzao anafalitsa zimene anapeza mwa ana 168 odwala malungo aakulu a mu ubongo. Mwa ana 25 amene anamwalira, 21 anali ndi ubongo wotupa koopsa. Mwa ana 143 amene anachira, otupa chotere anali 39. Anazindikira tsono kuti ambiri mwa anawa amafa chifukwa ubongo wafinya tsinde lolamulira kupuma, monga momwe zimachitikira ndi wovulala pa msewu.

Komatu kufanana kwa kutupa sikutanthauza kufanana kwa mankhwala. Ku Thailand m'chaka cha 1982 kunapezeka kuti dexamethasone amatalikitsa chikomokere cha malungo, ndipo ku chipatala cha Mulago ku Uganda m'chaka cha 2007 mannitol sanapulumutse ana a malungo koposa madzi opanda mankhwala. Phunziro lake ndi lomwelo la CRASH: mankhwala alionse ayesedwe pa nthenda iliyonse payokha, pakuti nzeru ya m'mutu mwa dotolo, ingakhale yokoma chotani, siilowa m'malo mwa kuwerenga amoyo ndi akufa.

ZIMENE ZIPOSA BOTOLO LA MANKHWALA

M'chaka cha 1993 Randall Chesnut ndi anzake anaonetsa kuti wovulala m'mutu koopsa, kuthamanga kwa magazi ake kukatsika pansi pa 90 ngakhale kamodzi kokha, ngozi yakuti amwalira imawirikiza kawiri. Ndipo kuchepa kwa okosijeni kumaonjezera tsokalo. Motero chithandizo choyamba ndicho kutsegula njira ya mpweya, kupereka okosijeni, kuletsa magazi otuluka pa mabala ena, kukweza kumutu kwa bedi pang'ono khosi lili chiongokere, ndi kutsitsa kutentha kwa thupi. Zimenezi chipatala chilichonse cha boma chingathe kuchita.

Chesnut yemweyo, m'chaka cha 2012, anafalitsa kufufuza kwa odwala 324 a ku Bolivia ndi Ecuador. Ena anaikidwa kachipangizo kodula koyezera kupanikizika m'kati mwa chigaza, ena anayang'aniridwa ndi maso a madotolo ndi zithunzi za makina a CT. Ndipo pomaliza magulu awiriwa sanasiyane kwenikweni pa kuchira kwao. Mau ameneŵa ndi olimbikitsa kwa maiko osauka, pakuti aonetsa kuti kuyang'anira kosatopa kuli ndi mphamvu yaikulu. Koma pamene magazi aundana chibuma pakati pa chigaza ndi ubongo, palibe diripi imene ingachichotse. Pafunika kuboola chigaza, ndipo makina a CT pamodzi ndi madotolo a opaleshoni ya ubongo apezeka makamaka m'zipatala zazikulu za m'mizinda. Nchifukwa chake ambulansi yokhala ndi mafuta ili mbali ya mankhwala.

NTCHITO YA YENSE

Mutu umodzi susenza denga. Lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la chaka cha 1997 lipatsa olemba ntchito udindo woteteza antchito ao ndi kukonzeratu chithandizo choyamba pa malo a ntchito, ndipo lamulo la Workers' Compensation Act la chaka cha 2000 lilamula chipukuta misozi kwa wovulala pa ntchito. Chotero nkoyenera kuti pa esiteti iliyonse akapitawo, alonda ndi oyendetsa mathirakitala adziwe kumene galimoto ya odwala ili usana ndi usiku, ndiponso kuti anthu a ku ofesi ya za ntchito, poyendera maesiteti, azifunsa zimenezi. Makalaliki ndi osunga mankhwala m'zipatala, amene amalemba mapepala oitanitsira katundu ku Central Medical Stores Trust, akumbukire kuti botolo la mannitol kapena la tranexamic acid lingakhale pa shelefu miyezi yambiri osafunika, koma usiku umene lifunika palibe china cholowa m'malo mwake.

Kwa aphunzitsi, mafumu ndi alangizi, mau oti awafalitse ndi awa. Wovulala m'mutu asapatsidwe chakudya, madzi kapena mowa, asathiridwe madzi kuti atsitsimuke, ndipo asanyamulidwe chilendewero pa njinga yamoto ngati pali njira ina. Ngati wakomoka koma ali kupuma, agonekedwe chammbali, mutu ndi khosi zili pa mzere umodzi ndi msana, kuti masanzi asalowe m'mapapo. Munthu mmodzi ayang'ane wotchi kapena foni, alembe nthawi ya ngozi pa pepala, ndipo pepalalo lipite pamodzi ndi wodwala. Munthu wonunkha mowa amene wagwa asayesedwe woledzera chabe ndi kusiyidwa kuti agone, pakuti tulo ta mowa ndi chikomokere cha magazi m'chigaza zimafanana. Ndipo amene watulutsidwa m'chipatala abwerere msanga ngati mutu uli kukulirakulira, ngati asanza kawirikawiri, ngati awodzera kosadzutsika, ngati alankhula zosokonekera, ngati dzanja kapena mwendo wafooka, kapena ngati madzi kapena magazi atuluka m'khutu ndi m'mphuno. Mwana wa sukulu amene wagwa mu mtengo wa mango kapena wagundana mutu ndi mnzake pa bwalo la mpira asabwerere m'masewera tsikulo, ndipo makolo ake auzidwe zizindikiro zomwezi.

Potsiriza pali chipewa cha helemeti, chimene malamulo a pa msewu afuna kuti woyendetsa njinga yamoto ndi wokwera wake avale. Bungwe la WHO, m'lipoti lake la chaka cha 2018, linati helemeti yovalidwa bwino ndi kumangidwa pa chibwano imachepetsa imfa ndi magawo 42 pa 100, ndi kuvulala m'mutu ndi magawo 69 pa 100. Pa mankhwala onse amene atchulidwa pamwambapa palibe ngakhale amodzi ofika pa chiwerengero chimenechi. Mphunzitsi kapena kalaliki wa Boma amene akana kukwera kabaza wopanda helemeti ya wokwera, pamaso pa ana a sukulu ndi anthu a pa msika wa Bvumbwe kapena wa Luchenza, waphunzitsa phunziro limene madotolo a ku Gulupu akanakonda kuti lidziwike m'mudzi uliwonse wa boma la Thyolo.